Kodi kusala kumathandiza mwana kuloweza Qur'an, kapena kumamubweza m'mbuyo?

Mayi wina wa ku Machinga walemba motere: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 16 ndipo waloweza majuzu 12 (mwa magawo 30 a Qur'an). Anzake anamuuza kuti m'mimba mukakhala mopanda kanthu mutu umagwira msanga. Kuchokera apo amasala Lolemba ndi Lachinayi lililonse, nthawi zina n'kuwonjezera masiku ena, ndipo dakwi, chakudya cha m'bandakucha cha munthu wosala, amaikana. Mu Ramadhan yapitayi ankachezera usiku, akuti afuna kuwonjezera majuzu awiri mwezi usanathe. Koma amwalimu ake akuti ngakhale zimene ankazidziwa bwino zayamba kumuthawa. Kodi kusala kumathandiza kuloweza, kapena ndimuletse?"

Mayi, Allah akulipireni zabwino chifukwa cha diso lanu pa mwanayu. Makolo ambiri akangomva kuti mwana akusala amathokoza basi, osafunsanso kuti nanga tsamba la lero lalowa bwanji.

Ramadhan simungamuletse. Pa mazihabu (njira ya malamulo a Chisilamu) a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, munthu akakwanitsa zaka 15 watha msinkhu ngakhale zizindikiro zina zisanaoneke, ndiye swaumu (kusala) ya mweziwo ndi faradhi, lamulo lokakamiza, kwa iye ngati ali bwino m'thupi. Zimene inu ndi amwalimu mungagwirepo ndi masiku owonjezera aja, dakwi, ndi tulo take. Ndipo monga ndikuonera kalata yanu, chimene chikuthawitsa majuzu kwambiri ndi tulo. Njala ikubwera pambuyo.

Anzakewo sananame kotheratu. Mawu amenewa ali ndi kumene anachokera. Al-Khatib al-Baghdadi, katswiri wa hadith (mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad) amene anamwalira mu 1071, analemba kuti nthawi imene munthu ali ndi njala ndi yabwino poloweza kuposa nthawi imene wakhuta. Za Imam Shafi'i mwiniwake amasimba kuti anati kwa zaka 16 sanadyepo mpaka kukhuta, chifukwa kukhuta kumalemetsa thupi, kumaumitsa mtima, kumachotsa kuchangamuka kwa nzeru ndipo kumaitana tulo. Al-Zarnuji, amene buku lake la malangizo kwa ophunzira lakhala likuwerengedwa m'madrasa kwa zaka mazana ambiri, anaika kuchepetsa chakudya pa mndandanda wa zinthu zolimbitsa kukumbukira. Anyamata amamva zimenezi pa ulaliki kapena pa WhatsApp, n'kuzitenga zili zosadulidwa bwino.

Koma al-Khatib sanathere pamenepo. Mawu otsatira akuti wophunzira adzifufuze yekha, chifukwa pali anthu ena amene njala ikawaluma kwambiri saloweza kanthu, ndipo wotereyo aizime ndi kachakudya kopepuka, osachulutsa. Mbali imeneyi ndi imene imatayika pa njira. Al-Zarnuji nayenso, pa mndandanda wake uja, choyamba anatchula khama ndi kusadukiza, kuchepetsa chakudya kunabwera pambuyo. Zimene akuluakuluwa ankadana nazo ndi mimba yodzaza. Hadith ya Miqdam ibn Ma'dikarib imanena zomwezo: gawo limodzi la mimba likhale la chakudya, lina la chakumwa, lina la mpweya. Kudya pang'ono ndi kusadya konse kwa maola 20 ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tisatengenso zonse za m'mabuku akale ngati kuti ndi wahyi, chivumbulutso chochokera kwa Allah. Al-Zarnuji yemweyo ankakhulupirira kuti kumwa madzi ambiri kumabweretsa kuiwala, potsatira nzeru za zamankhwala za nthawi yake zimene zinachokera kwa Agiriki. Lero tikudziwa kuti ndi kusowa kwa madzi kumene kumasokoneza mutu. Iye anali mphunzitsi wanzeru, koma pa za thupi ankalankhula zimene madokotala a m'nthawi yake ankadziwa.

Munthu amene ndikufuna kuti mwana wanu amve nkhani yake ndi Abdullah ibn Mas'ud. Ameneyu ndi mmodzi mwa maswahaba (ophunzira a Mtumiki) anayi amene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anawatchula mayina kuti anthu akatenge Qur'an kwa iwo. Iye mwini ankanena kuti analandira masurah oposa 70 kuchokera pakamwa pa Mtumiki. Koma Ibn Mas'ud sankachulutsa swaumu za sunnah, zija zosakakamiza. Ibn Rajab al-Hanbali akusimba kuti chifukwa chake ankachinena poyera: kusala kumandilepheretsa kuwerenga Qur'an, ndipo kuwerenga Qur'an ndimakukonda kwambiri. Anali munthu wochepa thupi, ankalidziwa thupi lake, ndipo sanachite manyazi kuvomereza. Palibe amene anamuona ngati wofooka pa imani chifukwa cha zimenezo.

Tsopano tione zimene zimachitika m'thupi. Ubongo ndi kachiwalo kakang'ono, pafupifupi magawo 2 pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akakhala phee. Chakudya chake chachikulu ndi shuga wa m'magazi. Munthu akadya, chiwindi chimasunga shuga wina, ndipo masana akamasala chimamutulutsa pang'onopang'ono. Nkhokwe imeneyi ikayamba kuchepa, thupi limapanga shuga kuchokera ku zinthu zina n'kuyambanso kuwotcha mafuta. N'chifukwa chake kwa munthu wathanzi amene wadya dakwi, shuga sagwa kufika poopsa mu swaumu ya kwathu kuno, imene imayamba itangodutsa 4 koloko m'bandakucha n'kutha cha m'ma 6 koloko madzulo, maola 13 kapena 14. Abale athu a ku Britain, zaka zimene Ramadhan inagwa mu June, ankasala maola oposa 18, ndipo nkhani yawo inali ina.

Koma taonani zimene mwana wanu akuchita. Ngati chakudya chake chomaliza ndi cha 8 koloko usiku, dakwi n'kuidumpha, pofika Magharibi, dzuwa litalowa, wakhala maola 22 osadya, ndipo mwinanso osamwa. Wadzipangira swaumu yaitali kuposa ya ku London, pamene Mtumiki anati: idyani dakwi, pakuti m'dakwi muli madalitso. Hadith imeneyi ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim. Zayd ibn Thabit, amene pambuyo pake anapatsidwa ntchito yosonkhanitsa Qur'an, anasimba kuti anadya dakwi ndi Mtumiki, ndipo pakati pa kudyako ndi swala panali nthawi yokwanira kuwerenga ma ayah 50 okha. Ndiye kuti sunnah ndi kudya, ndipo kudya mochedwa. Wokana dakwi pofuna kuti asale mwamphamvu wasiya sunnah, ndipo apa mungamuuze mosazengereza.

Madzi ndi amene amavuta msanga kuposa chakudya. Thupi likataya madzi okwana gawo limodzi kapena awiri pa 100 a kulemera kwake, munthu amayamba kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, mutu umawawa, mtima umapsa msanga. Kumadera otentha ngati Liwonde, Mangochi ndi Salima izi sizichedwa. Woloweza Qur'an amataya madzi ena kudzera pakamwa, chifukwa ntchito yake ndi yowerenga mokweza kwa maola. Pano ndionjezepo kanthu kena: ana ambiri amakhala akulavula tsiku lonse poopa kuti kumeza malovu kumamasula swaumu. Malovu ako a m'kamwa mwako samasula. Kuchukucha m'kamwa n'kololedwa, bola osapitirira muyeso, ndipo Abu Dawud ali ndi hadith yoti Mtumiki anaoneka akudzithira madzi pamutu ali pa swaumu chifukwa cha kutentha. Ngati mwanayo anazolowera tiyi wamphamvu m'mawa uliwonse, mutu wa masiku oyamba a Ramadhan nthawi zambiri umachokera pamenepo, ndipo umatha pasanathe sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Tifike pa tulo. Kuloweza sikuthera pa mkeka. Mwana akabwereza ayah kangapo n'kuitchula osayang'ana, imakhala itangogwira pang'ono m'kachigawo ka ubongo kamene kamalandira zatsopano. Akagona, makamaka m'tulo tofa nato ta kumayambiriro kwa usiku, ubongo umabwereza wokha zimene waphunzira n'kuzikhazika pamalo okhalitsa. Phunziro la lero lili ngati njerwa zongoumba kumene: zaoneka, mungaziwerenge, koma zisanalowe mu uvuni mvula imodzi izisandutsa matope. Uvuni wake ndi tulo.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1924 akatswiri awiri a ku Cornell ku America, Jenkins ndi Dallenbach, anapatsa ophunzira timawu topanda tanthauzo kuti aloweze, kenako n'kumawafunsa patapita ola limodzi, awiri, anayi, kapena 8. Nthawi zimene ophunzirawo anagona pakatipo ankakumbukira zambiri kuposa nthawi zimene anakhala maso. Kuchokera pamenepo ofufuza ambiri apeza zofanana, ndipo aonanso kuti kusagona kumapweteka mbali ziwiri: za dzulo sizikhazikika, ndipo za lero sizilowa bwino. Madokotala a za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 kufika 10 pa tsiku. Mwana wanu ngati akutseka msahafu, buku la Qur'an, pakati pa usiku n'kudzuka 4 koloko, akugona theka la zimenezo, ndipo wachita zimenezi kwa mwezi wathunthu.

Ofufuza za Ramadhan anafika pa mfundo yomweyi. Ku Casablanca, Rachida Roky ndi anzake anayeza tulo ta anyamata osala cha m'ma 2000, n'kupeza kuti ankachedwa kugona, tulo tinkafupika, ndipo masana ankakhala osachangamuka. Ku Riyadh, Ahmed BaHammam wa ku King Saud University anafunsa funso lina: nanga munthu atasala koma n'kugona maola okwanira pa nthawi yake, n'kudya moyenera usiku? Atatero, kusinza kwa masana kumene anthu amanamizira swaumu sikunaoneke. Ndiye kuti zambiri zimene timati ndi njala ya Ramadhan ndi ngongole ya tulo.

Njala ndi ludzu zili ndi gawo lakenso, koma zimasankha ola. Ku Singapore mu 2011 ofufuza anayeza anyamata Achisilamu ochita masewera, 9 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana. M'mawa, ali pa swaumu, anali ochangamuka bwino, mwinanso kuposa masiku wamba. Pofika 4 koloko, kuphunzira ndi kukumbukira mawu atsopano kunali kutatsika. Mayesowo anali a mndandanda wa mawu wamba, osati Qur'an, koma mphunzitsi aliyense wa hifz, kuloweza Qur'an, amazidziwa zimenezi: tsamba limene mwana angalilowetse bwino pambuyo pa Subuhi, swala ya m'bandakucha, amalimbana nalo pachabe pambuyo pa Asr, swala ya chakumadzulo. Mungamvenso anthu pa intaneti akunena kuti kusala kumakulitsa ubongo. Zambiri mwa zimenezo zinayesedwa pa mbewa za m'nyumba zofufuzira, zimene zimamanidwa chakudya koma madzi zikumwa, ndipo n'kulakwa kumangapo ndondomeko ya mwana wa ku madrasa.

Chochititsa chidwi n'chakuti Mtumiki analankhulapo kale za kuwerenga uli ndi tulo. Mwa Muslim muli hadith ya Abu Hurayra yoti wina akaimirira usiku, Qur'an n'kuyamba kumulemera pa lilime, osadziwanso chimene akunena, agone. Aisha, mkazi wa Mtumiki, nayenso anasimba zofanana za munthu wosinza pa swala. Mnyamata amene akugwedeza mutu pamwamba pa msahafu 1 koloko usiku akuganiza kuti akulimbikira, koma lamulo limene lili pa iye pa ola limenelo ndi loti akagone.

Nanga Ramadhan imamupatsa chiyani woloweza? Imamupatsa zambiri, ndipo sindikufuna kuti mumve ngati ndikuti ndi mwezi wobweza ana m'mbuyo. Ndi mwezi umene Qur'an inatsitsidwa, monga ikunenera Surah al-Baqarah ayah 185. Koma tiyang'ane ntchito imene inkachitika m'mweziwo. Ibn Abbas akusimba kuti mngelo Jibril ankakumana ndi Mtumiki usiku uliwonse wa Ramadhan n'kumabwereza naye Qur'an. Chaka chilichonse ankaidutsa kamodzi, ndipo chaka chimene Mtumiki anamwalira anaidutsa kawiri. Ntchitoyo inali yobwereza zimene zinatsika kale, awiri akumvetserana, ndipo inkachitika usiku, munthu atamasula. Za Imam Malik amasimba kuti Ramadhan ikalowa ankasiya maphunziro a hadith n'kutembenukira ku kuwerenga msahafu. Awa ankautenga mweziwu ngati nyengo yobwerera ku Qur'an yonse.

Kubwereza ndi kumene kumasunga hifz. Mtumiki anati Qur'an imathawa msanga kuposa ngamila yomasuka pa chingwe chake, ndipo analamula kuti tiziyendera pafupipafupi. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa mu 1885 kuti chinthu chongolowezedwa kumene chimatayika kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuchibwereza motalikitsa nthawi kumachikhalitsa kuposa kuchiunjika tsiku limodzi. M'madrasa amene anatengera ndondomeko ya ku India, Pakistan ndi South Africa, tsiku la wophunzira limagawidwa patatu: phunziro latsopano, masamba a masiku apafupi, ndi majuzu akale. Mwana akathamangira zatsopano, chimene chimayamba kufa ndi gawo lachitatuli, chifukwa silisangalatsa ndipo palibe amene amakuyamikira kuti wabwereza juzu ya chaka chatha.

Tiwerengere limodzi. Mu msahafu wa ku Madinah, wa mizere 15 pa tsamba, muli masamba 604, ndipo juzu imodzi ndi masamba pafupifupi 20. Majuzu awiri amene mwana wanu ankafuna ndi masamba 40 m'masiku 29 kapena 30, kuposa tsamba limodzi tsiku lililonse popanda kupuma. Pamwamba pake ali ndi masamba 240 akale ofunika kuwayendera. Wophunzira wamphamvu angathe tsamba limodzi pa tsiku m'nyengo wamba, akudya ndi kugona bwino. Kuchita zoposa pamenepo ndi tulo ta maola anayi, china chake chiyenera kugwa, ndipo chagwa ndi chimene amwalimu aona. Kuthamanga sikufika. Akanati azibwereza juzu imodzi pa tsiku, akanadutsa majuzu ake 12 kawiri n'kutsala ndi masiku.

Ndiye ine Ramadhan ikubwerayi ndikanamukonzera motere. Phunziro latsopano lichepe, theka la muyeso wake wa masiku onse kapena kucheperapo, ndipo masiku 10 omaliza lingathe kuimiratu. Alitenge atangodya dakwi ndi pambuyo pa Subuhi, pamene m'thupi muli madzi ndi chakudya, kunja kukuzizira, pakhomo pali zii. Akatswiri akale, al-Khatib yemwe uja ndi Ibn Jama'a, onse anaika m'bandakucha patsogolo pa nthawi zoloweza. Chinthu chothandiza kwambiri ndi kuliwerenga tsambalo kangapo usiku asanagone, moyang'ana, osalimbana nalo. M'mawa adzalipeza litafewa. Dzuwa likakwera abwereze masamba a masiku apafupi. Pambuyo pa Zuhur, swala ya masana, agone, ngakhale mphindi 30, ndipo ngati usiku unafupika agone ola ndi theka. Pambuyo pa Asr asalowetse chatsopano chilichonse. Nthawi imeneyo ndi yowerenga moyang'ana, yomvetsera wowerenga wabwino, kapena yomvetserana ndi mnzake majuzu amene ali olimba kale.

Tarawehe, swala ya usiku ya mu Ramadhan, ndi mphatso yaikulu ya mweziwu kwa woloweza wamng'ono. Kuyambira pamene Umar ibn al-Khattab anasonkhanitsa anthu kumbuyo kwa Ubayy ibn Ka'b, swala imeneyi yakhala malo amene oloweza amayesedwa. Kutulutsa ayah m'mutu popanda msahafu, anthu akumvetsera, kumaikhazika kuposa kuiwerenga kambirimbiri moyang'ana. Ofufuza awiri a ku America, Roediger ndi Karpicke, anaonetsa mu 2006 kuti ophunzira amene ankadziyesa kukumbukira ankasunga zambiri patapita sabata kuposa amene ankangowerenga mobwereza. Mwana wanu akonze masana gawo limene imamu awerenge usikuwo ngati lili m'majuzu ake, ndipo masiku ena akutsogolereni inu ndi abale ake marakah (zigawo za swala) angapo pakhomo, wina atagwira msahafu kuti amukonze. Pamene wakakamira usiku ndi pamene ayambire mawa. Ndipo akachoka ku tarawehe, madzi, tsamba la mawa, kugona. Foni isalowe naye m'chipinda.

Za chakudya sindichulutsa, inu mukudziwa za pakhomo panu kuposa ine. Dakwi ikhale ya zinthu zokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, nsima yotsala ndi nyemba kapena usipa, dzira ngati lilipo, nthochi. Tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi okha amakweza mphamvu msanga n'kuigwetsanso msanga. Pomasula ayambe ndi madzi ndi tende kapena chipatso, aswali, kenako adye mosakhuta kwambiri, chifukwa mimba yodzaza ndi imene al-Khatib ndi Imam Shafi'i ankaidandaula, ndipo ndi imene imagonetsa ana chiimire pa tarawehe. Madzi amwe pang'onopang'ono kuyambira Magharibi mpaka pogona, osati jagi yonse pa mphindi zomaliza. Kumbukiraninso kuti Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Zaka zikubwerazi ikugwa mu February ndi January, nthawi ya dzinja, ya ntchito za kumunda, pamene m'nyumba zambiri chakudya chimachepa. Mwana amene m'mawa wapalira kapena kubandira musamuyembekezere tsamba lofanana ndi la mnzake wogonera ku madrasa.

Tsopano za Lolemba ndi Lachinayi. Musamuuze kuti akulakwa, chifukwa ndi sunnah yodziwika, ndipo mnyamata wa zaka 16 amene akudzikakamiza pa ibada m'malo mwa zina zimene anzake akuchita ndi wofunika kumusamala polankhula naye. Swaumu ili ndi zipatso zimene sizingayezedwe ndi makina. Imatseka pakamwa, imatsitsa maso, imachepetsa macheza, ndipo mtima wodekha umalandira Qur'an bwino. Cholinga chake chinanenedwa mu al-Baqarah ayah 183, kuti tikhale oopa Allah. Koma palibe ayah kapena hadith yotsimikizika imene inalonjeza kuti wochulutsa kusala adzaloweza msanga.

Musimbireni za Abdullah ibn Amr ibn al-As, amene anali mnyamata wa mtima ngati wake. Ankasala tsiku lililonse ndi kumaliza Qur'an usiku uliwonse. Mtumiki atamva anamuitana n'kumuuza kuti thupi lake lili ndi ufulu pa iye, maso ake ali ndi ufulu pa iye, banja lake lilinso ndi ufulu pa iye. Anamuuza kuti asale masiku atatu pa mwezi, popeza chabwino chilichonse chimalipidwa kakhumi, ndiye zili ngati wasala nthawi zonse. Qur'an anamuuza kuti aziimaliza pa mwezi. Abdullah ankangoti ndingathe zoposa pamenepo, mpaka anafika pa swaumu ya Mneneri Dawud, kusala tsiku limodzi n'kudya linalo, ndi kumaliza Qur'an pa masiku 7. Atakalamba ankanena kuti ndikanadziwa ndikanalandira chilolezo cha Mtumiki. Bukhari akusimbanso kuti pa ukalamba wakewo ankawerengera wina wa m'banja lake masana gawo limene adzaswalire usiku, kuti usikuwo limupepukire. Ngakhale iye ankakonzekera ndi womumvetsera.

Njira yabwino yothetsera mkangano ndi mwanayu ndi kumulola kuti adzionere yekha. Pemphani amwalimu kuti kwa masabata angapo azilemba chiwerengero cha zolakwa zake tsiku lililonse, ndi kuika chizindikiro pa masiku amene wasala, ndi maola amene anagona. Alipo ana amene Lolemba lawo silisiyana ndi Lachiwiri, makamaka ngati phunziro lawo limatha dzuwa lisanakwere. Otere asiyeni asale, bola adye dakwi. Ngati kabukuko kakuonetsa kuti masiku osala ndi tsiku lotsatira zolakwa zikuchuluka, atsikire pa masiku atatu a pa mwezi, 13, 14 ndi 15 pa kalendala ya Chisilamu, kapena asale tsiku limene madrasa atseka. Masiku owonjezera amene amadziikira yekha popanda dongosolo aime pakali pano. Maulama ambiri amavomereza kuti kholo lingaletse mwana swaumu ya sunnah ngati ikumupweteka, ndipo kukumverani inu pamenepa kuli ndi malipiro ake. Koma ndi bwino mawuwo achokere kwa amwalimu, chifukwa pa msinkhu umenewu mawu a mayi pa nkhani ya chakudya amamveka ngati chifundo chabe.

Mumuuzenso kuti kukakamira pa ayah si chizindikiro choti Allah wamutaya. Ana ambiri akayamba kuiwala amaganiza kuti ndi chilango, n'kuwonjezera kusala ndi kuchezera kuti alape, zinthu n'kuipiraipira. Hadith ya Aisha imati wowerenga Qur'an movutikira, lilime likukakamira, ali ndi malipiro awiri. Qur'an inatsika pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 23, ndipo Surah al-Furqan ayah 32 ikunena chifukwa chake, kuti mtima wa Mtumiki ulimbitsidwe nayo. Abu Abd al-Rahman al-Sulami anasimba kuti maswahaba amene anamuphunzitsa ankatenga ma ayah 10, osapitirira mpaka atawadziwa ndi kuwagwiritsa ntchito.

Chinthu china musachinyalanyaze. Ngati mwanayo akuonda, akuchita chizungulire akaimirira, m'maso ndi m'manja mwayera, kapena akutopa ngakhale masiku amene sakusala, mupite naye kuchipatala akamuyeze magazi. Kuchepa kwa magazi kumafooketsa maganizo kwambiri, ndipo kumadera a kufupi ndi nyanja ya Malawi, Malombe, Chilwa ndi mtsinje wa Shire, likodzo ndi malungo obwerezabwereza zimayambitsa vutoli mwa ana ambiri. Mankhwala ake alipo. Wodwala shuga, zilonda za m'mimba kapena khunyu ayambe waonana ndi dokotala asanasale ngakhale Ramadhan imene, pakuti ayah 185 yomwe ija inapereka chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masiku ena.

Pa majuzu amene agwedezekawo, pemphani amwalimu aimitse phunziro latsopano kwa kanthawi, mwina mwezi umodzi, amumvetsere kuyambira juzu yoyamba mpaka ya 12, n'kupatula amene ali ofooka kuti azibwerezedwa tsiku lililonse theka kapena kota. Zimene munthu analoweza bwino kale zimabwerera msanga kuposa mmene zinalowera poyamba. Masamba amene anawathamangira mu Ramadhan awatenge ngati sanawaphunzire, adzayambirenso akadzafika pamenepo. Ndipo ikadzakwana Eid, akadzafuna kusala masiku 6 a Shawwal, mwezi wotsatira Ramadhan, muuzeni kuti ngakhale kuwatsatizanitsa kuli bwino pa mazihabu a Shafi'i, kuwamwaza m'mwezi wonsewo n'kololedwa, ndiye angawaike pa masiku amene sakupita kukawerenga kwa amwalimu.